Mutu 6: Kapepala Kopinda Pakati

1. Mphindi khumi ndi zisanu

Pasukulupo aliyense ankamutchula kuti Madamu Wamng'ono. Dzinali linkamukhala, chifukwa akaima pakati pa atsikana a m'kalasi yomaliza, mlendo akanatha kumufunsa chifukwa chimene sanavalire yunifolomu. Anali atangophunzitsa chaka chimodzi ndi miyezi inayi, koma mwayi umene aphunzitsi ena amaudikira mpaka kumera imvi unali utagogoda pakhomo pake. Sukulu ina ya kunja kwa dziko inkafuna aphunzitsi achinyamata oti akaphunzitse kumeneko kwa zaka ziwiri. Mwa anthu ambirimbiri amene analembera, panatsala asanu, ndipo iye anali mmodzi wa iwo. Koma malo anali awiri okha.

Pasipoti anali atatenga kale. Sutikesi yatsopano inali pansi pa bedi, ikadali m'pepala lake la pulasitiki, ndipo m'mawa uliwonse ankaikoka n'kuiyang'ana ngati kuti usiku ikanatha kumera miyendo. Chimene chinatsala chinali chimodzi. Akunjawo ankafuna kanema wa mphindi khumi ndi zisanu womuonetsa akuphunzitsa kalasi yake. Kalata yawo inanena momveka kuti kanemayo akhale wosadula paliponse, ndipo afike Lachisanu dzuwa lisanalowe.

Madamu Wamng'ono ankakhala ndi achemwali ake, amene anali telala. Chipinda chakutsogolo cha nyumbayo ndimo munali makina osokera, nsalu za makasitomala ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Achemwaliwo ndi amene anamulera makolo atamwalira, ndipo makina amenewo ndi amene anamuphunzitsa mpaka ku koleji. Achemwaliwo anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, wochepa thupi kwambiri moti anthu ankangomuti Timba. Kunyumba Timba ankati “amayi aang'ono”, kusukulu ankati “Madamu”, pakuti anali m'kalasi mwawo momwemo, sitandade 4.

Tanena kuti ankati, koma kunena zoona Timba sankanena zambiri. Anali wachibwibwi.

2. Chala pa desiki

Chibwibwi cha Timba sichinali chamasewera. Mawu ankamukakamira pakhosi, milomo n'kumanjenjemera, maso n'kutsinzina, anzake n'kuyamba kugwirana m'nthiti. Aphunzitsi a makalasi am'mbuyo anapeza njira yosavuta. Akamafunsa mafunso mzere ndi mzere, akafika pa Timba ankangolumpha ngati munthu akulumpha chithaphwi. Mwanayo anazolowera kulumphidwa, ndipo anafika sitandade 4 palibe mphunzitsi amene ankalidziwa bwino liwu lake.

Amene anasintha zimenezi anali Madamu Wamng'ono yemweyu, ndipo ulemu umenewu tisam'mane. Tsiku lina madzulo anamva Timba akulankhula yekha pafupi ndi makina a mayi ake, mawu akutuluka bwinobwino motsatana ndi kugunda kwa makinawo. Makina akaima, mawunso ankaima. Kuyambira pamenepo anamuphunzitsa kugogoda desiki ndi chala pang'onopang'ono akamalankhula, kugogoda kumodzi, kachidutswa kamodzi ka liwu. Anamusamutsa kumbuyo n'kumukhazika kutsogolo. Patatha miyezi itatu, Timba anayankha funso m'kalasi koyamba m'moyo wake.

Choncho nkhani ya kanema itabwera, Madamu Wamng'ono sanaganize kawiri.

“Iwe Timba, ndime yachiwiri ndi yako,” anatero akudya chakudya chamadzulo. “Mizere itatu yokha. Anthu a kunja akakumve ukuwerenga.”

Timba anasiya kutafuna. Anagogoda tebulo ndi chala. “I-ine, amayi aang'ono?”

“Iweyo. Ndalonjeza.”

Kwa milungu iwiri nyumbayo sinamve china koma mizere itatu ija. Timba ankaiwerenga akutsuka mbale, akupita kukataya zinyalala, ngakhale akusamba. “Basi yabuluu inabwera mochedwa. Bambo anakwera ndi katundu wawo. Ife tinawabayibitsa mpaka basi inakhota.” Makasitomala obwera kudzayesa zovala anaiphunzira nawo osafuna.

Tsiku lina achemwali akumuyeza mng'ono wawo diresi la paulendo, anachotsa mapini pakamwa n'kuyamba kulankhula.

“Ima bwino, usagwedezeke. Tamvera kuno, mng'ono wanga. Kumene ukupitako kulibe mchemwali wako. Ukakadwala, palibe amene akakufunse ngati wadya. Ndiye usakakhale munthu wonyada. Ukafika, kaphunzire mayina a anthu osesa ndi a mlonda usanaphunzire dzina la bwana, chifukwa tsiku la mavuto amene amatsegula chitseko ndi mlonda. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Za kuno usakazinyoze kuti akukonde, ndipo za kumeneko usadzatinyozere nazo ukadzabwera. Ine sindinaphunzire ngati iwe, koma chimodzi ndikuchidziwa. Chovala chimadziwika ndi kunsi kwake. Kunja aliyense amasita, koma ukachitembenuza m'pamene umadziwa telala. Iwe kunsi kwako ndakuona. Mwana wangayu madokotala anandiuza kuti ndingopirira, aphunzitsi anandiuza kuti ndingomusiya. Iwe ndi amene wamutsegula pakamwa. Ndiye ngakhale akunjawo akukane, kwa ine wapambana kale.”

Madamu Wamng'ono anaseka n'kunena kuti achemwali akanakhala m'busa. Koma mawuwo anamukoma mumtima.

3. Tsiku loyeserera

Lachitatu anayeserera. Amene anagwira foni anali mnzake wophunzitsa sitandade 5, mtsikana amene ana ndi aphunzitsi omwe ankamuti Wailesi, chifukwa akayamba kulankhula panalibe pozimitsira. Wailesi anakwera pampando kumbuyo kwa kalasi n'kukweza foni m'mwamba.

Zonse zinayamba bwino. Ana anaimba, anayankha mafunso, mnyamata wina anawerenga ndime yoyamba mosadodoma. Kenaka Madamu Wamng'ono anati, “Timba, pitiriza.”

Timba anaimirira. Anatembenuka pang'ono, n'kuona foni ija ikumuyang'ana. Chala chinaiwala ntchito yake.

“B-b-b…”

Milomo inatsekeka ngati yamatidwa. Maso anatsinzina. Wina kumbuyo anafwenthera kuseka, ndipo kuseka kunafalikira mzere wonse. Madamu Wamng'ono anagogoda desiki ya Timba ndi chala chake, pang'onopang'ono, mpaka mwanayo anagwira kugundako. Mizere itatu ija inatuluka yonse, koma inatuluka movutikira.

Pa nthawi yopuma atsikana awiriwo anakhala pakhonde n'kuonera zimene anajambula.

“Taona wekha,” anatero Wailesi akuloza manambala a pafoni. “Mphindi ziwiri ndi theka. Mizere itatu yokha. Ndipo kuseka kuja kwamveka bwinobwino. Iwe ukuganiza kuti anthu aja akaona chiyani? Akaona mphunzitsi amene ana ake satha kuwerenga, komanso amene kalasi yake imaseka iye ali pomwepo.”

“Koma wamaliza. Kale sakanayamba n'komwe.”

“Zakale akuzidziwa ndani kumeneko? Iwe ndi ine. Anzako anayi aja panopa akusankha ana anzeru okhaokha, ena mwina abwereka a kalasi ina. Iwe wekha ndiye ukufuna kupita kunkhondo ndi mpeni wobuntha. Tamvera, sindikuti umuthamangitse mwanayo. Ungomutuma. Mphindi khumi ndi zisanu si chaka. Akamabwera upeze chonena, umuuze kuti foni inavuta, mudzajambulanso. Mwana amaiwala.”

“Ndinamulonjeza.”

“Lonjezo ukalikwaniritsa uli kunja. Ukamutumizire nsapato, ukamutumizire mabuku, mwinanso ukapeze dokotala wa chibwibwicho. Ukatsala kuno umupatsa chiyani? Choko?”

Wailesi sanali munthu woipa, ndipo ndicho chimene chimaopsa pa malangizo otere. Akachokera kwa mdani umawakana msanga. Awa anachokera kwa mnzake amene ankamufunira zabwino, ndipo Madamu Wamng'ono anapita nawo kunyumba.

4. M'chipinda cha mabuku

Kumapeto kwa khonde la sukuluyo kunali kachipinda kosungiramo mabuku, ka windo limodzi, konunkha guluu ndi fumbi. M'menemo munkakhala mphunzitsi wachikulire amene anatsala ndi miyezi yochepa kuti apume pantchito. Maso anali atayamba kuwavuta, choncho anawachotsa m'kalasi n'kuwapatsa ntchito yomata mabuku ong'ambika. Ana ankawatchula kuti a Choko, chifukwa kwa zaka makumi atatu thalauzi lawo silinaonekepo lopanda fumbi loyera. Iwowa ndi amene anaphunzitsa Madamu Wamng'ono kulemba dzina lake ali wamng'ono zenizeni.

Lachinayi anapita kukawapempha mabuku.

“Aphunzitsi, ndimafuna mabuku khumi ndi awiri osang'ambika. A mizere iwiri yakutsogolo.”

A Choko anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. “Nanga a kumbuyo aziwerenga chiyani?”

“Omwe ali nawo. Pa kanema saoneka bwino.”

“Ehe. Tayamba ndi mabuku.” Anaika botolo la guluu pansi. “Khala apo, mwana wanga. Mnzako uja mawu ake amadutsa khoma, ndiye za dzulo pakhonde ndinazimva ndili muno. Sindikufunsa zimene waganiza. Ndingokuuza zanga.

“Ndili ndi zaka ngati zakozi, kunabwera uthenga woti kukubwera oyendera sukulu. Nthawi imeneyo akakulembera bwino, unkakwezedwa. Ine ndinali ndi ana asanu ndi awiri amene mitu yawo inkachedwa kugwira. M'mawa wa tsikulo ndinawatenga onse n'kuwalowetsa muno, m'chipinda chino chomwechi. Ndinawauza kuti asanje mabuku, ndipo asatuluke mpaka ndidzawaitane. Oyendera anabwera, anaona kalasi ya ana ochenjera okhaokha, anandigwira chanza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Atapita, aphunzitsi tinakhala pansi kusangalala, ndipo ine ndinaiwala. Ndinakumbukira belu lowerukira litalira. Ndinawapeza atakhala pansi apa, mabuku atasanja bwinobwino, palibe amene analira. Ndinaganiza kuti sanadziwe kanthu.

“Chaka chisanathe, anayi mwa iwo anasiya sukulu. Palibe amene anawathamangitsa. Anangomva zimene ndinawauza popanda kutsegula pakamwa, zoti sukulu imakongola iwo akakhala kulibe.

“Mmodzi ndimakumana naye mpaka lero. Amawotcherera zitsulo pafupi ndi pokwerera basi, bambo wa ana ake, ndevu zayamba kuyera. Akandiona amavula magalasi ake akuda aja, n'kundipatsa moni mwaulemu. Kenaka amati, ‘Aphunzitsi, kodi alendo aja apita? Tituluke?’ Amanena akuseka, anzake n'kumaseka nawo osadziwa nkhani yake. Ine ndimasekanso, nanga n'kutani. Koma ndinasiya kudzera njira imeneyo. Ndimazungulira kumsika, ndi miyendo yanga yowawayi.

“Kukwezedwako ndinakwezedwa. Ndikanama ndikati sindinadyerepo. Koma tsopano ndikupita kukapuma, ndipo ana onse amene ndinawaphunzitsa bwino nkhope zawo zasakanikirana m'mutu mwanga. Zimene ndimaziona bwinobwino ndi nkhope zisanu ndi ziwiri. Mwana amaiwala kukwapulidwa, amaiwala kukalipiridwa. Kubisidwa saiwala.”

Madamu Wamng'ono anayang'ana pansi. “Aphunzitsi, ine sindinanene kuti ndichita zimenezo.”

“Sunanene. Inenso sindinanene kwa munthu.” Anamupatsa mabuku khumi ndi awiri aja. “Tenga. Mabuku alibe mtima, ungawasankhe mmene ungafunire.”

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma Lachisanu linali mawa lake, ndipo mawuwo analibe nthawi yogonera.

5. Lachisanu

Timba anadzuka woyamba m'nyumbamo. Yunifolomu yake mayi ake anali ataisita kawiri, ndipo anamumanga tsitsi ndi kansalu kotsala pa diresi la kasitomala wina. Panjira yopita kusukulu ankayenda pambali pa amayi ake aang'ono akugogoda chikwama ndi chala.

“Le-ro si-ndi-yang'ana fo-ni,” anatero. “Ndi-yang'ana i-nu.”

“Wachita bwino,” anayankha Madamu Wamng'ono, maso ali kutsogolo.

M'kalasi ana anakhala m'malo mwawo, mabuku atsopano ali kutsogolo. Wailesi anakwera pampando wake uja n'kukweza nsidze, kufunsa popanda mawu. Madamu Wamng'ono anayang'ana Timba. Mwanayo anali atatsegula kale buku, chala chili chokonzeka pa desiki.

Madamu Wamng'ono akanatha kungonena kuti tiyeni tiyambe. Palibe amene anamugwira dzanja. Koma anang'amba pepala m'kope lake, n'kuwerama patebulo. Ahedi anali atapita kumsonkhano, aphunzitsi ena onse anali m'makalasi, ndipo munthu yekhayo amene akanatha kusunga mwana anali yemwe uja anamuchenjeza dzulo lake. Kupita kukawauza pamaso sakanatha. Pepala lilibe maso, choncho analemba mothamanga, ndi zilembo zolumikiza zimene ana a sitandade 4 anali asanaphunzire:

“Aphunzitsi, pepani. Musungeni mwanayu kufikira belu lilire. Angandionongere kanema.”

Anapinda kapepalako pakati kamodzi kokha.

“Timba, thamanga ukapereke aka kwa aphunzitsi a ku mabuku. Udikire yankho. Usabwere wopanda yankho, wamva?”

Timba anayang'ana buku lake, n'kuyang'ana foni.

“Tikudikira,” anatero Madamu Wamng'ono.

Mwanayo anatuluka akuthamanga kuti abwere msanga. Phazi lake lisanazimirire pakhonde, Wailesi anali atayamba kale kujambula.

Phunzirolo linayenda ngati madzi. Ndime yachiwiri anawerenga mtsikana wina wa liwu lokoma, ndipo basi yabuluu inabwera, bambo anakwera, basi inakhota, zonse m'kanthawi kochepa. Palibe anaseka, palibe anadodoma. Mphindi khumi ndi zisanu zitakwana, Wailesi anatsika pampando akuvina.

“Ukapanda kupita ndi ameneyu, ndiye kuti kumeneko safuna aphunzitsi,” anatero. Anatumiza kanemayo nthawi yomweyo, asanatuluke n'komwe m'kalasi.

6. Yankho

Belu litalira, Madamu Wamng'ono anapita kuchipinda cha mabuku. Bodza lake anali atalikonza kale: foni inavuta, tidzajambulanso sabata yamawa. Anapeza a Choko ali okha, akumata chikuto cha buku.

“Ali kuti Timba, aphunzitsi?”

“Wapita kukasamba kumaso. Wadikira belu monga unalembera.” Sanakweze mutu. “Bodza limene wabwera nalo usavutike nalo. Anawerenga.”

“Sangawerenge. Ndinalemba zolumikiza.”

“Mwana wanga, iwe ndi mphunzitsi wotani? Chifukwa choti mwana amavutika kutulutsa mawu pakamwa, wayesa kuti ndi maso omwe ali ndi chibwibwi? Amene uja amawerenga kuposa kalasi yako yonse. Mabuku amene ndimamata muno, iye amabwera pa nthawi yopuma n'kuwamaliza guluu asanaume. Ndipo zolemba zako amaziona tsiku ndi tsiku patebulo la kunyumba kwanu. Iwe unkangomvetsera pakamwa pake, sunayang'anepo maso ake.

“Ndinamuona pawindo apa. Anabwera akuthamanga, kapepala kanatseguka kokha m'manja. Anaima pakati pa khonde. Anawerenga kamodzi, n'kuwerenganso. Ndinaganiza kuti abwerera kapena athawira kunyumba. Ayi. Anakapinda bwinobwino mmene unakapindira, n'kuyenda pang'onopang'ono kudzandipatsa ndi manja awiri. Nditawerenga ndinati, tiye ndikuperekeze m'kalasi, zinazo ndikayankha ndine. Anapukusa mutu. Anakhala pansi apo, pamalo omwe aja.”

Madamu Wamng'ono anafunsa, “Analira?”

“Akanalira bwenzi ndikukuuza kuti zikhala bwino.”

Pobwerera kunyumba Timba anayenda kumbuyo, chikwama chili chete. Amayi ake aang'ono anamugulira bisiketi pa kagolosale ka panjira. Analandira ndi manja awiri, n'kuika m'chikwama osatsegula.

“Timba, tamvera. Zija sindinatanthauze choncho. Ndinangoona kuti foni ikukuopsa.”

Mwanayo anagwedeza mutu kuvomera, monga mmene amavomerera mwana kwa mphunzitsi.

Kunyumba achemwali anaimitsa makina atangowaona. “Nanga mwana wanga wawerenga bwanji? Tandiuzani zonse.”

Timba anayang'ana amayi ake aang'ono. Apa m'pamene panali mpata wachiwiri, ndipo Madamu Wamng'ono anauphonyanso.

“Zayenda bwino, achemwali. Watopa chabe.”

“Ndiye undionetse kanemayo.”

“Ali mufoni ya mnzanga. Ndidzakuonetsani.”

Loweruka Timba sanalankhule. Anatsuka mbale, anasesa, anatola tinsalu pansi pa makina, koma osatulutsa liwu, ngakhale makina akugunda. Lamlungu chimodzimodzi. Mayi ake anamugwira pachipumi, n'kumufunsa ngati pakhosi pakuwawa. Anapukusa mutu. Anamufunsa ngati wina wamunyoza kusukulu. Anapukusanso mutu. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi anasunga chinsinsi cha munthu wamkulu amene anamulakwira, ndipo munthu wamkuluyo anakhala pomwepo n'kumulola kuti achisunge. Zinali zochititsa manyazi, ndipo Madamu Wamng'ono ankadziwa.

7. Lolemba

Uthenga unafika Lolemba m'mawa, ana ali pamzere panja. Foni inanjenjemera m'thumba, ndipo Madamu Wamng'ono anawerenga ataima kuseri kwa chitseko cha kalasi. Akunja aja anali atamusankha. Anayamikira kwambiri kalasi yake, makamaka mmene ana onse ankawerengera mosadodoma. Ankafuna yankho lake pasanathe masiku atatu, ndipo ulendo unali wa kumapeto kwa mwezi.

Chinthu chimene anachilota kwa chaka chathunthu chinali m'manja mwake. Anadikira kuti chimwemwe chibwere, koma sichinabwere.

Ana analowa, iye n'kuyamba kuitana mayina. Atafika pa Timba, panalibe yankho. Desiki yakutsogolo inali yopanda munthu, chonsecho anachokera limodzi kunyumba ndipo anamuona akulowa pageti.

Anasiya kalasi m'manja mwa mtsogoleri wa ana n'kuyenda mofulumira mpaka kumapeto kwa khonde. Chitseko cha chipinda cha mabuku chinali chotsegula. Timba anali atakhala pansi pakona, chikwama chili pamiyendo, akusanja mabuku omatidwa kale. Sanatembenuke.

“Timba, ukutani kuno? Tiye m'kalasi.”

A Choko anaimirira pang'onopang'ono n'kumupatsa pepala long'ambidwa m'kope la mwana. “Wabwera nalo yekha. Palibe wamutuma.”

Zilembo zake zinali zazikulu, zolembedwa mosamala ndi pensulo:

“Aphunzitsi, ndizikhala kuno masiku onse. Sindikufuna kuonongera amayi aang'ono.”

Madamu Wamng'ono anagwada pansi pafumbipo. Anaitana mwanayo ndi dzina lake, anapepesa, anagogoda pansi ndi chala monga ankachitira kale kuti mawu abwere. Timba anayang'ana chalacho kwa kanthawi. Kenaka anabisa manja ake onse awiri kunsi kwa chikwama.

“Dzuka, mwana wanga,” anatero a Choko. “Misozi usungire amene akubwera. Ine ndinakhala chete ulendo woyamba, ndipo ana anayi anapita. Ulendo uno sindikhala chete. Ndawaimbira foni mayi ake. Sindinawauze kanthu, ndangoti abwere adzaone kumene mwana wawo akuphunzirira. Kapepala kako ka Lachisanu kali m'thumba mwangamu. Usankhe wekha: uwauza ndi pakamwa pako, kapena awerenge.”

Madamu Wamng'ono anaimirira n'kuyang'ana pawindo. Mlonda anali akutsegula geti. Achemwali ake ankalowa mothamanga, atavala nsapato zapanyumba, akufunsa mwana aliyense amene akumana naye kumene kuli chipinda cha mabuku.